A Tabu ndi Liwu Lakuti Eliyeni

A Tabu Hussaini sawerenga Chingerezi. Sukulu analekezera sitandade folo ku Ntaja, ndipo chimene anatsala nacho ndi kulemba dzina lawo ndi kuzindikira manambala. Komabe kwa zaka ziwiri, mabuku amene atsikana a m'kalasi mwanga ankalimbirana ankasankha ndi iwowa.

Kasukulu kamene ndimaphunzitsako kali ku Vosloorus, m'holo ya tchalitchi imene anaigawa zipinda ndi matabwa. Ana ambiri ndi a anthu obwera, ochokera ku Malawi, ku Mozambiki ndi ku Zimbabwe. Mwana wa a Tabu, Sumaiya, ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Ndi wamtali, sakonda kuseka pagulu, ndipo akamawerenga amatseka khutu limodzi ndi dzanja kuti phokoso la kalasi ya kuseri kwa matabwa lisamupeze.

Mayi akewo anafika ku Joni m'chaka cha 2006 kutsatira amuna awo, a Gaffar, amene ankagwira ntchito yomanga. Sumaiya atangoyamba kukwawa, a Gaffar anamva kuti ku Kepitauni ntchito ndi yambiri. Anakwera basi, ndipo patapita miyezi inayi foni yawo inasiya kupezeka. A Tabu amati amuna awo anatchona kawiri: anatchonera abale awo ku Ntaja, kenako n'kutchoneranso mkazi ku Joni komwe. Amanena zimenezi akuseka, koma nkhaniyo saipitiriza.

Kuyambira kale akhala akugwira ntchito ya m'nyumba ku Edenvale, kwa adona ena achizungu, amasiye, amene tsopano amayendera ndodo. Amagona ku boyizi, kachipinda ka kuseri kwa galaja, kazenera kake koyang'anizana ndi khoma. Pamwamba pa khomalo pali mawaya amagetsi. Geti limatseguka ndi rimoti, ndipo rimotiyo ndi imodzi, imakhala m'chikwama cha adona. Sikuti adonawo ndi ankhanza ayi. Kungoti m'zaka zonsezi palibe anaganizapo kuti pangafunike rimoti yachiwiri, ndipo a Tabu sanafunsepo. Loweruka cha m'ma 11 koloko geti limatseguka, iwo n'kukwera matakisi awiri kupita ku Vosloorus kwa achemwali awo aakulu, a Rahima, amene akhala akusunga Sumaiya chiyambireni sukulu. Lamlungu dzuwa lisanalowe amakhala atabwerera.

Masiku amene anawadindira m'pasipoti anatha kalekale, kenako pasipoti nayo inatha. Kupita kumudzi angathe, koma kubwerako ndiye ayi, ndipo mwana wawo alibe pepala la dziko lililonse loti n'kuwolokera nalo malire. Mayi awo atamwalira ku Ntaja, a Tabu analira maliro pa foni atakhala pa chidebe kuseri kwa galaja, kenako anakamaliza kusita. Ali ndi lamulo limodzi la moyo wawo: nyumba iliyonse imene panja pake pali mbendera amaidutsa ali tsidya lina la msewu.

Lamulolo linayamba Sumaiya ali ndi chaka chimodzi, akuyamwabe. Tsiku lina m'mawa a Tabu anamusiya akugona ku boyizi n'kuthamangira ku shopu kukagula buledi. Nthawi imeneyo mapepala awo anali akadali bwino, koma pasipoti anaisiya pansi pa matiresi. Galimoto ya apolisi inaima pambali pawo, ndipo Chingerezi choti n'kudzifotokozera analibe. Atafika nawo ku polisi, panali bambo wina pa kauntala amene ankagawa anthu ngati akusankha nyemba. Ena ankawalozera pa benchi. Ena ankangowayang'ana kamodzi, n'kutchula liwu limodzi, n'kuloza chitseko cha kuseri. Liwulo linali lakuti eliyeni. A Tabu anakhala kuseri kwa chitsekocho masiku awiri, mkaka ukudontha mpaka kuumira pa diresi, osadziwa ngati mwana wamveka kulira. Adona ndiwo anamupeza mwanayo, n'kuzungulira naye mpaka kuwapeza amake, pasipoti ili m'manja. Mayi wina wa ku Zimbabwe amene anali nawo m'chipindamo anawauza kuti eliyeni ndi dzina limene malamulo amaitanira munthu wobwera. Mawu ambiri a Chingerezi a Tabu amawaiwala, koma limeneli linakhazikika.

Za mabuku zinayamba Sumaiya ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Chaka chimenecho anali wovuta. Ankayankha mwano, ankamenyana, ndipo a Rahima anali atayamba kunena zomubweza ku Edenvale. Pa msonkhano wa makolo ndinawauza a Tabu kuti mwanayo si woipa, koma ali ndi njala. Bokosi la mabuku la m'kalasi mwathu linali ndi mabuku makumi atatu, ndipo iye anali atawamaliza onse, ena kawiri. Amene ankawakonda kwambiri anali awiri okha, a nkhani zopeka za maiko osakhalako, za zinjoka zamapiko ndi zombo zopita ku nyenyezi. Ana amawatchula kuti mabuku a fantase ndi sayifayi.

A Tabu anamvetsera atapinda manja. Kenako anafunsa ngati ndikunena mabuku aja okhala ndi zithunzi za anthu amalupanga ndi zinthu zamitu ikuluikulu. Anati kuntchito kwawo alipo odzaza chipinda. Anali a mwana wa adona, amene anakula n'kusamukira kutsidya kwa nyanja, ndipo iwo akhala akuwapukuta fumbi Lachinayi lililonse kwa zaka zoposa khumi. Sabata yomweyo analimba mtima n'kupempha. Adona anavomera mosavuta: buku limodzi pa nthawi, libwerere bwinobwino.

Vuto linali kusankha. Mabukuwo analipo mazanamazana, ndipo dzina la limodzi lomwe iwo sakanatha kuliwerenga. Ndinawauza kuti azijambula mashelefu pa foni kuti ine ndiziwalozera, koma anati palibe chifukwa. Anali ndi njira yawo.

Choyamba ankayang'ana msana wa buku. Ngati uli wosalala ngati latsopano, ankati limeneli mnyamatayo anachita kupatsidwa ndi azakhali ake pa Khirisimasi, ndipo ankalisiya. Ngati msana wathyoka mizere yoyera yambirimbiri, ankalitulutsa. Kenako ankayang'ana m'mphepete mwa masamba. Litsiro la zala likafika mpaka kumapeto, ndiye kuti analimaliza. Likathera pakati, ndiye kuti bukulo linamutopetsa panjira. Ankalikutumula kuti aone ngati mutuluke nyenyeswa za mabisiketi, chifukwa buku limene mwana amakana kulisiya ngakhale akudya ndi buku ndithu. Lomatidwa ndi tepi linali la pamwamba pa onse. Manambala a pamsana ankawathandiza kudziwa loyamba ndi lotsatira.

"Bango lojomphola mbalame ndiye lokoma, aphunzitsi," anandiuza tsiku lina. "Losakhudzidwa lija mungolitaya nalo nthawi."

Buku linkabwera Loweruka m'chikwama chawo, litakulungidwa m'pulasitiki ya mpunga. Sumaiya ankalimaliza pofika Lachiwiri. Kenako linkapita kwa mnzake Faith, kuchoka apo kwa Amira, ndipo pofika Lamlungu linalo linkayenera kukwera takisi yobwerera ku Edenvale. Posakhalitsa mzere unatalika, ndipo adona analola mabuku awiri. Atsikana ankatumiza madandaulo kudzera mwa Sumaiya: wina akufuna la akalonga, wina watopa ndi malupanga akufuna la maroboti. A Tabu ankamvetsera zonse mosaseka, ngati akulandira oda ya ku msika. Faith anawapatsa dzina lakuti Gogo Gugo, ponena kuti amapeza buku msanga kuposa intaneti. A Tabu anamuuza kuti ugogo akaupereke kwa amake, iwo sanafikepo.

A Rahima ndiwo sanakondwe nazo. Ataona chikuto china chokhala ndi chinthu chobiriwira chamaso atatu, ananena kuti mabuku a majini m'nyumba mwawo salowa, m'nyumba mmene anthu amaswali. A Tabu anayankha kuti jini lokhala zaka khumi pa shelefu osasuntha, kumalola kupukutidwa fumbi ndi munthu wa ku Ntaja, ndi jini lofooka. Anagwirizana kuti mabuku azikutidwa ndi mapepala a kalendala yakale. Motero m'nyumba ya a Rahima munkalowa zinjoka ndi zombo zovala zithunzi za malo ogulitsa matayala.

Ndewu za Sumaiya zinatha. Sindinena kuti anasanduka wofatsa, koma mkwiyo wake unapeza kokhala. Anayamba kulemba nkhani zakezake kumapeto kwa kope la masamu.

Kumayambiriro kwa chaka chino a Tabu anabweretsa mabuku a nkhani imodzi yopitirira, yonena za anthu okumba migodi pa mwezi wina wakutali. Linabwera loyamba, lachiwiri, lachitatu, lachinayi, onse othyoka msana. Lachisanu panalibe. Anafufuza shelefu yonse, pansi pa bedi, m'makatoni a m'galaja. Adona anati mwina mwana wawo anapita nalo. Ine ndinalipeza ku laibulale ya boma ya m'dera lathu n'kulibwereka ndi khadi langa, ndipo tsiku lokabweza ndinamutenga Sumaiya kuti andiperekeze.

Anali asanalowemo chibadwire. Anaima pakati pa mashelefu osakhudza kanthu. Koma chimene anayang'anitsitsa kwambiri si mabuku. Anali kamtsikana kena ka zaka ngati zisanu ndi zinayi, kamene kanatulutsa khadi m'thumba la yunifolomu, n'kulipereka pa desiki, n'kuchoka ndi mabuku anayi popanda wofunsa kuti ndiwe yani. Tikutuluka ndinamuuza Sumaiya kuti ndizimubwerekera ine. Anakana. Anati akufuna khadi lake, lolembedwa dzina lake. Pa dziko lonse lapansi, anatero, mapepala odziwa kuti iye alipo ndi khadi la sikelo ndi malipoti a sukulu basi.

Ndinakafunsa zofunika. Anati mwana wosakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu abwere ndi kholo lake, khololo libweretse chitupa kapena pasipoti, ndi kalata yosonyeza kumene limakhala, n'kusaina fomu. Mphunzitsi sangasaine. Ndipo panja pa laibulaleyo pali mbendera.

A Tabu anakana osalola kuti ndimalize kufotokoza. Anati mabuku ku Edenvale akadalipo. Sumaiya anati otsalawo ndi a misana yosalala, omwe aja iwo eni amati ngotaya nawo nthawi. Kuchokera pamenepo mwanayo anatulutsa chida chimene ana obadwira kuno amachidziwa bwino. Amake akamuyankhula m'Chichewa, iye ankayankha m'Chizulu, mwaulemu wonse, koma m'Chizulu. Loweruka lililonse a Tabu ankayenda ulendo wa matakisi awiri kudzacheza ndi mwana amene ankawayankha ngati wogulitsa m'shopu. Zinatenga miyezi itatu. Tsiku lina a Tabu anandiimbira foni nthawi ya nkhomaliro n'kundifunsa ngati ndingawaperekeze ku laibulale, ndiponso ngati pakhomopo pamakhala apolisi kapena alonda wamba.

Adona analemba kalata yotsimikiza kuti a Tabu amakhala pakhomo pawo, ndipo Loweruka limenelo anatsegula geti 8 koloko. Tinakumana pa renki, pokwerera matakisi. A Tabu anali atavala mpango wawo wa pa Idi ndi nsapato zimene zinkawapweteka. Pasipoti inali m'pulasitiki, pulasitikiyo m'kachikwama, kachikwamako m'chikwama. Sumaiya ankayenda patsogolo, akubwerera, akupitanso patsogolo. Titafika pa msewu woyang'anizana ndi laibulale, a Tabu anaima nthawi yaitali ngakhale kuti magalimoto kunalibe. Milomo yawo inkagwedera ndi pemphero. Kenako anawoloka.

Mlonda wa pakhomo sanadzutse n'komwe mutu pa foni yake. Pa desiki panali mtsikana wansangala wa ndolo zikuluzikulu, amene anawalonjera kuti mama n'kuwakokera mpando. Anawapatsa fomu ndi cholembera. A Tabu anatulutsa kalata ndi pasipoti n'kuziika pa desiki, pasipotiyo ili yotsegula, dzanja limodzi lili pamwamba pake. Anayamba kulemba dzina lawo pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, lilime lili pakati pa mano.

Podikira, mtsikana uja anayamba kucheza ndi Sumaiya m'Chingerezi. Anamufunsa mabuku amene amakonda, ndipo Sumaiya, amene sakonda kuyankhula ndi anthu achilendo, anamasuka n'kuyamba kutchula. Mtsikanayo anaomba m'manja pang'ono, n'kunena mokweza ndi chisangalalo chonse kuti ndiye kuti uyu ndi wa maeliyeni. Anati maeliyeni onse ali kuseri, ndipo mama akangomaliza kulemba awaperekeza komweko. Ananena akuloza chitseko cha chipinda cha kumapeto.

Pa mawu onsewo a Tabu anamvapo awiri, eliyeni ndi kuseri, ndipo anaona chala chikuloza chitseko. Cholembera anachiika pansi bwinobwino. Anatenga pasipoti, anagwira Sumaiya pamkono, n'kuyamba kuyenda. Sanathamange. Anadutsa mlonda, anadutsa mbendera, anawoloka msewu osayang'ana mbali iliyonse. Mwanayo ankayesa kudzimasula, akufunsa kuti chachitika n'chiyani, koma dzanja limene lakhala likufinya zochapa kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu silimasuka wamba. Ndinawapeza patali ndithu, kuseri kwa kontena ya wometa tsitsi, a Tabu atatsamira chitsulo akupuma movutika.

Sumaiya anali akulira ndi mkwiyo. Anati amuchititsa manyazi pamaso pa anthu, kuti kunangotsala kusaina basi. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi itatu ankayankhula Chichewa.

"Sunamve iwe?" anatero a Tabu. "Wati eliyeni. Wati atitengera kuseri. Ine kuseri ndinapitako, iwe uli wa kubere. Sindikupitanso, ndipo iwe sukapondako."

Mwanayo anasiya kulira. Nkhani ya masiku awiri aja anali asanaimvepo. Ine ndinali nditaimva kwa a Rahima, ndipo mpaka lero ndimadzifunsa chifukwa chake sindinaganize kuti liwulo lingatulukire m'laibulale.

Kenako Sumaiya anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, n'kufotokoza pang'onopang'ono ngati akuyankhula ndi mwana. Anati eliyeni m'mabuku ndi zolengedwa zochokera ku nyenyezi zina. Zija zamitu ikuluikulu. Chija chobiriwira chamaso atatu chimene mayi aakulu anachitcha jini. Kuseri kumene mtsikanayo amanena ndi kumene kuli shelefu yake.

A Tabu anayang'ana ine kuti nditsimikize. Ndinagwedeza mutu movomereza.

"Ndiye kuti zaka ziwiri zonsezi ndakhala ndikukweza maeliyeni m'takisi?"

"Eya, Mama. Loweruka lililonse."

"Opanda mapepala."

Anaseka pang'ono, ifenso tinaseka, koma kuseka kwawo kunatha msanga. Anafunsa kuti nanga n'chifukwa chiyani anthu ophunzira anatenga dzina la zinthu zamaso atatu n'kupatsa munthu wa miyendo iwiri wokagula buledi. Ndinayamba kufotokoza kuti liwulo linayamba ndi kutanthauza munthu wochokera kwina, za nyenyezizo zinabwera pambuyo, koma ndinaona kuti sizikuwathandiza, ndipo ndinasiya. Sumaiya anawapempha kuti tibwerere, popeza nthawi yotseka inali isanakwane. A Tabu anayang'ana kumene tinachokera. Apa m'pamene anakumbukira kuti kalata ya adona yatsala pa desiki, yokhala ndi dzina lawo lonse ndi nambala ya nyumba. Anakhala pansi pomwepo, pa fumbi, ndi zovala zawo za pa Idi.

Kubwerera anakana, ndiponso anandiletsa ine kupitako tsiku limenelo, poopa kuti anditsatira. Lamlungu anabwerera ku Edenvale chifukwa kunalibe kwina kopita. Anandiuza pambuyo pake kuti analongedza zovala m'chikwama n'kuchiika pafupi ndi chitseko, ndipo belu la pa geti likalira ankazimitsa mpopi n'kuima chilili. Ngakhale akanafuna kuthawa, rimoti inali m'chikwama cha adona.

Lolemba nditaweruka ndinapita ku laibulale. Mtsikana wa ndolo uja anali atasunga kalatayo m'envelopu. Nditamufotokozera anagwira pakamwa. Anandipempha kuti ndikawauze mama kuti laibulale siimbira foni munthu aliyense, kuti iwo amasunga mabuku basi. Kenako anatsitsa mawu n'kundiuza china. Pamene a Tabu ankatsegula pasipoti, iye anali ataona kale chaka chimene inathera. Kompyuta silola kutsegula khadi ndi pasipoti yotha. Ngakhale akanamaliza kusaina, iye akanayenera kuwabweza. Chimene akanatha kulonjeza n'chakuti kuwerengera momwemo sikufuna pepala lililonse. Mwanayo angabwere tsiku lililonse, akhale mpaka nthawi yotseka, koma buku silituluka.

Ndinawapatsa a Tabu envelopuyo Loweruka, ndipo ndinawauza zonse monga mmene ndinazimvera. Kalatayo anaing'amba tizidutswa ting'onoting'ono n'kuthira m'mbaula ya a Rahima. Anafunsa ngati Sumaiya akadzakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu angadzasaine yekha. Ndinayankha kuti angathe, ngati adzakhale ndi chitupa chakechake. Anangoti, "Oho."

Njira inalipo imodzi. Pasipoti yatsopano angathe kuifunsira ku ofesi ya dziko lathu mu mzinda wa Johannesburg, ndipo akakhala nayo pangayambike za mapepala a mwana. Ndinawalembera matakisi oyenera kukwera ndi malo otsikira. Anasunga kapepalako milungu isanu. Kenako anapempha adona Lachiwiri lina, n'kunyamuka m'mawa. Anafika pa renki ya ku Germiston, pamene amayenera kusintha takisi. Pakhomo pa renkiyo panali pataima galimoto ya apolisi, apolisiwo akudya magwinya, mandasi a kuno, osalabadira munthu. A Tabu anagula tomato kwa mayi wina kuti aoneke ngati ndi zimene anabwerera. Anazungulira, n'kugulanso anyezi. Kenako anakwera takisi yobwerera ku Edenvale, ndipo anaima pa geti mpaka adona atamva belu.

Loweruka lotsatira anamuitana Sumaiya kuseri kwa nyumba ya a Rahima, kumene amayanika zovala. Sanafune kuti amve kwa wina.

"Khadi lija sindikupezera, mwanangu. Mtima ukufuna, koma miyendo yakana. Ndayesa."

Sumaiya anatola zovala zouma pa chingwe n'kuyamba kupinda, amake n'kugwira mbali inayo ya nsalu. Chizulu chija sanachiyambirenso.

Masiku ano Loweruka lililonse Sumaiya amafika pa laibulale isanatsegulidwe. Faith ndi Amira, amene makolo awo nawonso mapepala ndi ovuta, amapita naye. Amakhala m'chipinda cha kumapeto chija, ndipo mtsikana wa ndolo amawabisira mabuku amene sanamalize kuti wina asawabwereke. Ikakwana 1 koloko amatseka. Sumaiya amalemba nambala ya tsamba pachikhatho, n'kutuluka chimanjamanja. Buku limene kale ankalimaliza masiku atatu tsopano limamutengera mwezi.

A Tabu amatsika takisi cha m'ma hafu pasiti thwelofu. M'malo mopita kwa a Rahima amabwera kudzadikira pa kakhoma ka tsidya lina la msewu, pafupi ndi mayi wowotcha chimanga. Mabuku a ku Edenvale amabwera nawobe, chifukwa kwabwera atsikana ang'onoang'ono amene sanawawerenge. Mtsikana wa ndolo anatulukapo kamodzi kudzawapatsa moni. Iwo anayankha mwaulemu, manja onse awiri, koma sanawoloke.

Sabata yatha ndinayenda nawo kuchoka pamenepo. Sumaiya anali pakati pa buku lina, ndipo linali litamudzaza moti sakanatha kulisunga yekha. Anayamba kuwafotokozera amake m'Chichewa, akusakasaka mawu. Inali nkhani ya zolengedwa zimene chombo chawo chinawonongeka n'kutera pa dziko la eni, ndipo zinakhala zaka zambiri zikubisala m'mapanga a pansi pa mzinda. Atafika poti azitchule dzina anakakamira, n'kuyang'ana amake. Kenako anati alendo. Alendowo anachita chakuti, alendowo anapita kwakuti.

A Tabu anamvetsera mpaka tinadutsa pa kontena ya wometa tsitsi.

"Amenewo si alendo," anatero. "Mlendo amakhala ndi tsiku lobwerera. Tchula dzina lawo lenilenilo, sindithawa pano."

Sumaiya analitchula, motsitsa mawu. Amake anasamutsa chikwama kupita pa phewa linalo, n'kufunsa kuti nanga m'mapangamo zinkadya chiyani, ndiponso ngati zinali ndi ana. Mwanayo anati za ana sanafikepo, laibulale inatsekedwa ali pa tsamba 212.